Njanji ya m'chipululu cha Nevada: inathamangira golide, inatha zaka 12 zokha

Amene amakonda kuona zithunzi zakale pa intaneti mwina anakumanapo ndi chithunzi cha siteshoni ya sitima yaikulu, ya makhonde okongola, itaima yokhayokha pakati pa miyala ndi zitsamba zouma. Njanji palibe, mudzi palibe. Malowo ndi Rhyolite, m'chigawo cha Nevada kumadzulo kwa America, ndipo siteshoniyo inamangidwa mu 1908 ndi kampani ya Las Vegas and Tonopah Railroad. Njanji yake inali ya makilomita pafupifupi 317, kuchokera ku Las Vegas kukafika ku tauni ya migodi ya Goldfield. Inayamba kunyamula katundu mu 1906, inaleka mu 1918, ndipo chaka chotsatira zitsulo zake zinazulidwa.

Ambiri akamva izi amangoti golide anatha. N'zoona, koma yankho limeneli silifotokoza chifukwa chimene anthu odziwa ndalama anakwirira chuma chochuluka chotero m'mchenga, kapena chifukwa chimene njanji zina za m'dera lomwelo zinakhalira zaka 20 kapena 30 kuposa iyi.

Matauni ophuka ngati bowa

Choyamba kumvetsa ndi mtundu wa matauni omwe njanjiyi inkapitako. Sanakule pang'onopang'ono chifukwa cha minda, mtsinje kapena msika. Anabadwa chifukwa munthu wina anatola mwala wonyezimira, mbiri n'kuwanda.

Mu 1900 Jim Butler anapeza siliva pamalo omwe anadzakhala Tonopah. Kumapeto kwa 1902 anyamata awiri, Harry Stimler ndi Billy Marsh, anapeza golide makilomita pafupifupi 40 kummwera kwake, ndipo pamenepo panabadwa Goldfield. Mu Ogasiti 1904 Shorty Harris ndi Ed Cross anapezanso golide kummwera kwambiri, m'miyala yobiriwira ngati msana wa chule, m'dera lomwe analitcha Bullfrog. Tauni ya Rhyolite inakhazikitsidwa kumeneko mu 1905.

Pofika 1906 ndi 1907, ku Goldfield kunali anthu pafupifupi 20,000, kuposa tauni ina iliyonse mu Nevada. Kunali mabanki, manyuzipepala, msika wa masheya ndi malo omwera mowa osawerengeka. Mu Seputembala 1906 kunachitika nkhonya ya Joe Gans ndi Battling Nelson yomwe inatha maraundi 42, dziko lonse la America likutchera khutu. Rhyolite inali yocheperapo, anthu ake mwina 3,500 mpaka 5,000, koma nayo inali ndi magetsi, mipope ya madzi ndi nyumba ya banki ya nsanjika zitatu.

Chinsinsi cha kukula msangaku, ndiponso cha kufa msanga, chili m'nthaka. Golide wa kumeneku anaunjikana pafupi ndi pamwamba, m'timitsinje ta miyala tolemera kwambiri koma tosapita pansi kwenikweni. Okumba oyambirira ankapeza chuma chododometsa. Kumayambiriro kwa 1907, matani 47 okha a miyala ya mu mgodi wa Mohawk ku Goldfield anagulitsidwa madola oposa 500,000. Munthu womva zimenezi ankaganiza kuti akapitiriza kukumba apeza zoposa. Nthawi zambiri zinkakhala zosiyana: akamatsika, miyala inkachepa golide. Ndipo panthawiyo njira yodziwira bwino zomwe zili pansi inali kukumba komweko.

Dzikoli silinali lopanda eni. Anthu a mtundu wa Western Shoshone ndi Southern Paiute ankakhalamo kalekale, ndipo akasupe omwe ofuna golide ndi omanga njanji anadalira anali akasupe awo.

N'chifukwa chiyani pankafunika sitima?

Ku Las Vegas mvula imagwa mamilimita pafupifupi 100 pachaka. M'chilimwe kutentha kumapitirira madigiri 40. M'mapiri a Bullfrog munalibe nkhalango, munalibe minda yoti n'kudyetsa anthu masauzande, munalibe malasha. Chilichonse chinkachokera kutali: matabwa ochirikizira migodi, makina, ufa, zovala, mowa, ngakhale udzu wodyetsa nyulu zokoka ngolo. Kuchokera ku Las Vegas kufika ku Bullfrog ndi makilomita pafupifupi 190, ndipo ngolo zolemera zinkatha masiku ambiri panjira. Gawo lina la katundu wa m'ngolomo linali chakudya ndi madzi a nyulu zomwezo. Thabwa likamafika ku Rhyolite mtengo wake unali utakwera kangapo.

Sitima inkathetsa vutoli, koma nayo inali ndi ludzu. Injini za nthawiyo zinkayendera nthunzi, ndipo zinkamwa madzi ochuluka moti pankafunika thanki pamtunda uliwonse wa makilomita makumi angapo. Ndiye chifukwa chake njanji ya Las Vegas and Tonopah inatsata akasupe: Corn Creek, Indian Springs, kenako Beatty, komwe mtsinje wa Amargosa umaonekera pamwamba usanalowenso m'mchenga.

Pali mfundo imodzi yomwe anthu ambiri amaiphonya, ndipo ine ndikuona kuti ndiye mtima wa nkhaniyi. Golide si katundu wa sitima. Njanji imadya ndi katundu wolemera, wochuluka, wobwera tsiku ndi tsiku, ngati malasha kapena chimanga. Masiku oyambirira migodi inkatumiza miyala yake m'matumba ku ng'anjo zakutali, ndipo sitima zinkapeza chonyamula. Koma eni migodi atamanga zigayo zawo zoperera miyala pafupi ndi migodiyo, monga chigayo chachikulu cha Goldfield Consolidated chomwe chinamalizidwa cha kumapeto kwa 1908, golide ankatuluka ali mipiringidzo yoti n'kulowa m'bokosi limodzi. Chodabwitsa n'chakuti chaka chomwe Goldfield inatulutsa golide wochuluka koposa, 1910, pafupifupi madola 11 miliyoni, anthu ake anali atatsika kufika pa 4,838. Mgodi unkalemera, tauni ikuphwa. Sitima inkadalira katundu wolowa, wa anthu omanga nyumba ndi kutsegula migodi yatsopano. Kumanga kutaima, mabogi anayamba kuyenda opanda kanthu, ngakhale golide ankatulukabe.

Amuna awiri ndi lonjezo la pakamwa

Mwini njanjiyi anali William A. Clark, yemwe analemera ndi migodi ya mkuwa ku Montana ndipo anali phungu wa Senate, imodzi mwa nyumba za malamulo za America, kuyambira 1901 mpaka 1907. Ndi iye amene anatsogolera kumanga njanji yaikulu yolumikiza Los Angeles ndi Salt Lake City, yomwe inamalizidwa mu 1905. Las Vegas inali malo omwetsera injini panjanji imeneyo, ndipo tauniyo inayamba pa 15 Meyi 1905 pamene kampani ya Clark inagulitsa mapuloti pa okushoni. Boma lomwe muli Las Vegas lero limatchedwa Clark County chifukwa cha iye.

Winayo anali Francis Marion Smith. Iyeyu sankafuna golide kwenikweni. Chuma chake chinali borax, mchere woyera wa m'nthaka womwe amaugwiritsa ntchito popanga sopo ndi magalasi. Anali ndi mgodi wa Lila C chakum'mawa kwa Death Valley, ndipo ankafuna njira yotulutsira katunduyo. Mu 1904 anakhazikitsa kampani ya Tonopah and Tidewater Railroad. Atamvana ndi Clark pakamwa kuti njanji yake idzalumikizana ndi ya Clark pa Las Vegas, anthu a Smith anayamba kusalaza njira mu 1905.

Atasalaza makilomita angapo, zinthu zinatembenuka. Mbali ya Clark inakana kulumikiza njanjizo, ndipo mu Seputembala 1905 inalembetsa kampani yakeyake, Las Vegas and Tonopah, yotsogozedwa ndi mng'ono wake J. Ross Clark. Njira yomwe Smith anasalaza inatengedwa ndi Clark pomulipira. Ena amati uku kunali kudyera mnzake masuku pamutu. Ena amati Clark anangoona kuti Bullfrog yakula kuposa momwe ankaganizira, ndipo panalibe pangano lolembedwa lomumanga. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi.

Smith anasamutsa anthu ndi zida kupita ku Ludlow, ku California, panjanji ya Santa Fe, n'kuyamba kumanga cholowera kumpoto. Njira yake inali yowawa. M'chigwa chopapatiza cha Amargosa munafunika kuswa miyala ndi kumanga milatho yaitali ya matabwa, ndipo m'chilimwe cha 1906 antchito ankathawa kutentha, obwera kudzalowa m'malo nawonso n'kuthawa.

Kumpoto kunali gulu lachitatu. Amalonda a ku Philadelphia, motsogozedwa ndi John Brock, anali atafikitsa kale njanji ku Tonopah mu 1904 ndi ku Goldfield mu 1905, ndipo anayamba kutsikira kummwera ndi njanji ya Bullfrog Goldfield.

Clark ndiye anapambana mpikisanowo. Sitima yake inafika ku Beatty mu Okutobala 1906 ndi ku Rhyolite mu Disembala. Njanji ya Brock inafika ku Rhyolite pakati pa 1907, ndipo ya Smith inafika pafupi ndi Beatty mu Okutobala 1907, mwezi womwewo Clark akulowa mu Goldfield. Rhyolite, tauni ya anthu osaposa 5,000, tsopano inali ndi makampani atatu a njanji. Zinali ngati mudzi womwe wakolola bwino chaka chimodzi, anthu atatu n'kuthamangira kukongola ndalama kuti aliyense amangemo chigayo. Chimanga cha chaka chimenecho chikhoza kudyetsa zigayo zonse zitatu, koma ngongole ya makina imabwezedwa zaka zambiri, mvula igwe kapena isagwe.

Za kukula kwa njanji

Mwachidule, popeza nkhaniyi imasokoneza ena. Njanji zimasiyana kutalikirana kwa zitsulo zake ziwiri, ndipo bogi la njanji yopapatiza silingayende pa yotambalala. Njanji yoyamba kufika ku Tonopah inali yopapatiza, ya mamilimita 914, yotsika mtengo pomanga, koma katundu ankachita kumutsitsa ndi kumukwezanso pokumana ndi njanji zazikulu. Chisokonezo chinakula moti mu 1905 anaitambalitsa kufika pa mamilimita 1,435. Njanji ya Clark, ya Smith ndi ya Bullfrog Goldfield zonse zinamangidwa zotambalala kuyambira pachiyambi. Ya kwathu ku Malawi ili pakati, mamilimita 1,067, ndipo chigawo chake choyamba, kuchokera ku Port Herald komwe ndi Nsanje lero kufika ku Blantyre, chinatsegulidwa mu 1908, chaka chomwecho siteshoni ya Rhyolite ikumalizidwa.

Chipwirikiti cha mabanki cha 1907

Migodi yambiri ya m'derali sinkayenda ndi ndalama za golide wake. Inkayenda ndi ndalama za masheya. Kampani inkalembetsedwa, n'kusindikiza mapepala a umwini, n'kuwagulitsa kwa anthu a ku San Francisco, New York ndi Philadelphia omwe sanaonepo chipululu. Ndalamazo ndi zomwe zinkalipira okumba, kugula makina ndi kudzaza mabogi a sitima. Makampani ena anali ndi golide ndithu. Ena anali ndi dzenje, chikwangwani ndi munthu wodziwa kulankhula.

Chivomezi cha ku San Francisco mu Epulo 1906 chinayamba kuumitsa gwero limeneli, chifukwa ndalama zinkafunika kumanganso mzindawo. Kenako mu Okutobala 1907 banki ya Knickerbocker Trust ku New York inagwa, anthu m'dziko lonse n'kuthamangira kukatapa ndalama zawo m'mabanki. Banki siisunga ndalama zonse za anthu m'chipinda. Zambiri imakhala itakongoza. Onse akabwera tsiku limodzi, ngakhale banki yabwino imatseka chitseko. Ku Nevada mabanki ena anatsekadi. Ku Goldfield eni migodi anayamba kulipira antchito ndi mapepala m'malo mwa ndalama, antchito ananyanyala, ndipo mu Disembala Pulezidenti Theodore Roosevelt anatumizako asilikali atapemphedwa ndi bwanamkubwa wa Nevada. Mphamvu ya bungwe la antchito inathera pomwepo.

Taonani kugundana kwa masiku: mwezi womwe Clark anamaliza njanji yake ndi womwewo ndalama zinauma.

Ku Rhyolite chiyembekezo chonse chinali pa mgodi umodzi, Montgomery Shoshone, womwe Charles M. Schwab, mpondamatiki wa zitsulo, anagula mu 1906. Dzina la Schwab lokhalo linakoka anthu ambiri. Mu 1908 ena mwa eni masheya anaitana katswiri kuti adzaunike mgodiwo, ndipo lipoti lake linati mgodiwo sunali wolemera monga ankanenera. Masheya omwe anafikapo madola 23 limodzi anatsika kufika pa masenti. Mgodi unatsekedwa mu 1911. Kalembera wa 1910 anapeza anthu 675 mu Rhyolite. Magetsi anazimitsidwa mu 1916, ndipo mu 1920 munatsala anthu 14. Nyumba zambiri za matabwa zinaphwasulidwa kapena kunyamulidwa zathunthu kupita ku Beatty ndi kwina, poti m'chipululu thabwa silitayidwa.

Momwe njanji imafera

Njanji siifa tsiku limodzi. Ngakhale sitima idutse kamodzi pa sabata, zitsulo ndi mitengo yoyala pansi zimafuna kukonzedwa, mathanki amafuna madzi, msonkho umafuna kulipidwa. M'chipululu muli mdani winanso: mvula ikagwa, ngakhale mwa apo ndi apo, imagwa yamkuntho panthaka yopanda udzu, madzi n'kukokolola njira. Goldfield yeniyeniyo inasefukira mu 1913.

Pakati pa Beatty ndi Goldfield, njanji ya Clark ndi ya Bullfrog Goldfield zinkayenda moyandikana, malo ena woyendetsa sitima imodzi akutha kuona njanji ya mnzake. Mu 1908 Bullfrog Goldfield inayamba kuyendetsedwa pamodzi ndi kampani ya Smith. Mu 1914 inasamukira kwa Clark, ndipo makampani awiriwo anagwirizana zosiya zigawo zofanana n'kutsala ndi njira imodzi. Las Vegas and Tonopah inataya mbali yaikulu ya njanji yake ya kumpoto patangotha zaka zisanu ndi ziwiri chiimangire. Ku Tonopah, komwe inkalinga, zitsulo zake sizinafikeko n'komwe.

Nkhonya yomaliza inabwera ndi nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Kumapeto kwa 1917 boma la America linatenga ulamuliro wa njanji za m'dzikomo kuti zitumikire nkhondo, ndipo njanji yopita ku matauni okufa sinali yofunika pa ntchito imeneyo. Mtengo wa zitsulo unalinso utakwera, moti njanjiyo inali ya phindu ikazulidwa kuposa ikamayenda. Sitima zinaleka kumapeto kwa Okutobala 1918. Njira yosalazidwayo inatengedwa ndi boma la Nevada, ndipo zigawo zake zinakhala maziko a msewu womwe lero ndi US 95. Galimoto, yomwe inali itayamba kale kulanda apaulendo m'matauni a migodiwa, inatenga ndi njira yomwe.

Zinazo zinatha motsatizana, ndipo zaka zake zikuonetsa zomwe iliyonse inkanyamula. Bullfrog Goldfield inaleka mu 1928. Ya Smith, yomwe inafika mochedwa pa mpikisano uja, inakhala mpaka 1940, chifukwa borax ndi katundu wolemera wotuluka chaka ndi chaka. Nayo inafooka kampani ya borax itasamukira ku mgodi wina, ku Boron, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo zitsulo zake zinazulidwa nthawi ya nkhondo yachiwiri. Tonopah and Goldfield, njanji ija ya gulu la Brock yofika ku Tonopah ndi ku Goldfield, inapirira mpaka 1947, itathandizidwa ndi siliva wa Tonopah yemwe anakhalitsa, kenako ndi bwalo la ndege za asilikali lomwe linatsegulidwa pafupi ndi tauniyo nthawi ya nkhondo.

Nanga siteshoni ija inatsala bwanji? Inali ya mabuloko a konkire, yosanyamulika, ndipo m'zaka za m'ma 1930 inasandutsidwa malo a juga ndi mowa, kenako sitolo ya alendo. Lero ili m'manja mwa nthambi ya boma yoyang'anira malo, Bureau of Land Management. Ku Goldfield kwatsala anthu osakwana 300. Las Vegas, yomwe mu 1910 inalibe ngakhale anthu 1,000, dera lake lili ndi anthu oposa 2 miliyoni.

Zomwe anthu sanagwirizanebe

Funso loyamba ndi lakuti Clark analakwitsa kapena ayi. Wina akhoza kunena kuti munthu amene anakulira m'migodi ankayenera kudziwa kuti golide wa pamwamba sakhalitsa. Wina akhoza kuyankha kuti njanji yaing'onoyo inkadyetsa njanji yake yaikulu, chifukwa thabwa lililonse lopita ku Rhyolite pa sitima yake linkayamba ladutsa panjanji ya Los Angeles ndi Salt Lake City, ndipo zomwe inataya apa mwina inazibweza apo. Kuwerengetsera kwake kumadalira ngati makampani awiriwo ukuwaona ngati thumba limodzi kapena awiri.

Lachiwiri ndi la chipwirikiti cha 1907. Kodi chinapha Rhyolite, kapena chinangofulumizitsa imfa yomwe inali kale m'miyala? Amene amati vuto linali miyala amaloza lipoti la 1908. Koma kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mgodi waukulu wapamtunda unatsegulidwa pafupi ndi Rhyolite, n'kugwira ntchito zaka pafupifupi khumi, pomaliza uli m'manja mwa kampani ya Barrick, ndipo unatulutsa ma ounce a golide oposa 2 miliyoni (ounce imodzi ndi magalamu pafupifupi 31), kuposa kutalitali zonse zomwe anthu a 1906 anapeza m'mapiri amenewo. Golide analimo, koma womwazikana pang'onopang'ono m'miyala yochuluka, woti piki ndi fosholo sizikanamupindulitsa. Ndiye kodi omanga njanji analosera molakwa, kapena anangofika zaka 80 nthawi isanakwane? Mgodi watsopanowo, tisaiwale, sunafune sitima. Malole anakwanira.

Lachitatu ndi lakuti Smith akanamanga kuchokera ku Las Vegas monga anamvana poyamba, pakanakhala njanji imodzi yonyamula borax ndi katundu wa migodi ya golide pamodzi. Kodi ikanakhalitsa kuposa ziwiri zolimbanazo? Ambiri amaganiza choncho, ngakhale kuti amalonda a ku Rhyolite panthawiyo ankasangalala ndi mpikisano chifukwa unkatsitsa mitengo yonyamulira katundu.

Lomaliza ndi la lero. Kampani ya AngloGold Ashanti, yomwe mizu yake ili ku Johannesburg, ku Joni komwe agogo athu ambiri anakagwira ntchito m'migodi, inagula malo ambiri a golide kuzungulira Beatty, kuphatikizapo a kampani ya Corvus Gold mu 2022, ndipo ikukonzekera migodi yatsopano. Anthu a ku Beatty ena akuyembekezera ntchito, ena akudera nkhawa akasupe a Amargosa, omwe aja anamwetsa injini za Clark, komwenso kumakhala mtundu wa chule wosapezeka kwina kulikonse padziko. Migodi ya masiku ano imamwa madzi ochuluka, ndipo kuti madziwo adzachokera kuti, adzagawidwa bwanji pakati pa mgodi, tauni ndi akasupe, ndi nkhani yomwe akuluakulu a boma, kampaniyo ndi anthu a m'deralo akukambiranabe.